Malovu a Telala wa ku Kamwala

Tiyanjane, kope ili unandigulira kuti ndisiye kusuntha mipando m'nyumba. Ndamva. Ukuti chipumireni pa ntchito ndasanduka nkhuku yosowa poikira dzira, ndipo Dalitso akuvomereza, ngakhale iyeyo kuno ku Mtendere amangofika akamva fungo la nyama. Chabwino, ndikhala pansi ndilembe. Za ubwana wanga ku Katete ndizidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo kwa ambuye anu. Ndilemba za ntchito yanga ya mu labu, makamaka za tsiku limodzi limene linanditayitsa mpando wa ukulu. Mpaka lero inu awiri mumaganiza kuti anandichotsa ku Chawama chifukwa cha pakamwa panga. Pakamwa panathandizako, sindikana, koma nkhani yake ndi ina.

Matero, zaka zanga zoyamba

Ndinayambira pa kachipatala kena kumbali ya Matero. Dzina lake ndilisiya, kanatsekedwa kale ndipo pamalopo pano amagulitsapo matayala. Labu yake inali kachipinda kamodzi ka zenera limodzi, sinki yodontha, ndi maikulosikopu yakale ya kalilole, imene inkafuna dzuwa kuti uonemo kanthu. Bwana wanga anali Ba Zulu, bambo wamtali wa imvi amene sankathamanga ngakhale mvula igwe. Ine ndinali mtsikana wa satifiketi yatsopano, wothamanga ngati ndaba. Tsiku loyamba ndinalanda botolo la wodwala n'kuyamba kupaka pa kagalasi. Iwo anandigwira dzanja.

"Iwe mwana, makina sathawa. Yamba wayang'ana mu botolo. Vamene munthu wakupatsa, ni malovu kapena ni makhololo?"

Phunziro langa lalikulu linali lomwelo, ndipo kusukulu sanalilimbikire. Malovu amachokera m'kamwa, ndi oyera, a thovu, ndipo sakuuza chilichonse. Makhololo amachokera pansi pa chifuwa, kumene kuli matenda. Ndi onyansa, inde, koma ndiwo amanena zoona. Ba Zulu anandiphunzitsanso utoto wa mitundu iwiri. Ukathira wofiira, tizilombo ta TB timaoneka ngati timitengo tofiira. Ukathira wa pepo, wofanana ndi jivi uja timapaka pa zilonda, tizilombo ta chibayo timaoneka ngati timadontho toyenda tiwiritiwiri pakati pa mafinya. Ankati ukaona makhololo a mtundu wa dzimbiri, ngati madzi otsukira msomali wakale, uganize chibayo usanakhudze n'komwe makina.

Zaka zimenezo matenda a kachilombo analibe mankhwala. Anthu ankangoti kaliwondewonde, motsitsa mawu, ndipo maliro ankadutsa pa msewu wathu tsiku ndi tsiku. Munthu aliyense woonda wokhosomola ankalemberedwa fomu imodzi yokha, yoyeza TB, ndipo ife a mu labu tinkachita zimene zili pa fomu basi. Ba Zulu atapita ku tchuthi ndinatsala ndekha. Kunabwera mayi wina wogulitsa tomato pa msika, tinkamutcha Amake Joyce. Anabweretsa mabotolo atatu m'masiku awiri, ndipo onse anali a dzimbiri. Ndinaona ndi maso angawa. Koma fomu inati TB, mzere unali utafika pa mtengo wa mango, ndiye ndinathira utoto wofiira, sindinapeze kanthu, n'kulemba kuti TB palibe. Mayi uja anasangalala. Anati, "Zikomo ba nesi," chifukwa aliyense wovala zoyera kwa iwo ndi nesi, n'kundisiyira tomato atatu pa zenera. Limenelo linali Lachinayi. Lolemba mnzake wa pa msika anandiuza kuti anamuika Lamulungu.

Ba Zulu atabwerako ndinawafotokozera zonse. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukadatsika. Anangofunsa kuti, "Mtundu wake unauona?" Ndinati ndinauona. Anatembenuka n'kuyamba kusamba m'manja, kusamba, kusamba. Kusakhazikika kumene mukundiseka nako lero kunayamba tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo botolo lililonse ndinkaliyang'ana kawiri.

Chawama, patapita zaka zambiri

Ndinazungulira, ana inu. Ku George, ku Kanyama, kenako ku Chawama, pa kachipatala kena kamene sindikatchulanso. Kulikonse mbiri inkanditsogolera yoti Mayi Tembo ndi wovuta, amabweza mabotolo. Ndinkabwezadi! Munthu andipatse malovu, ine ndilembe kuti alibe matenda? Ayi ndithu. Ndinkatuluka n'kumuphunzitsa kukhosomola kuseri kwa chimbudzi, anthu pa benchi akung'ung'udza kuti ndikuchedwetsa mzere.

Pofika ku Chawama zinthu zinali zitasintha. Ma ARV anali atabwera, ndipo anthu amene kale tikadawaika m'manda ankanenepa, kukwatira, kukangana pa mzere ngati wina aliyense. Koma chifuwa sichinawasiye. Munthu amene ali ndi kachilombo, ngakhale azimwa mankhwala mokhulupirika, chibayo chimamupeza msanga kuposa anzake, ndipo sichiyenda ngati TB. TB imadya munthu pang'onopang'ono, milungu ndi milungu, kuonda, thukuta pogona. Chibayo chimagwetsa munthu amene dzana anali pa ntchito: kunjenjemera, thupi moto, kubaya m'nthiti popuma, ndipo masiku ochepa okha amakwana kuti chimutenge. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake ndi wamba, jakisoni amene ali m'kabati ya chipatala chilichonse. Koma chizolowezi chakale chija chinali chidakalipo. Wa khadi la ma ARV akangokhosomola, ankapatsidwa panado, botolo ndi fomu ya TB, n'kuuzidwa kuti adikire zotsatira.

Za kusowa kwa zipangizo ndingadzaze kope lonseli. Mabotolo akatha tinkawiritsa timabotolo ta mafuta odzola. Timagalasi tinkatsuka n'kugwiritsanso ntchito mpaka kuchita mikwingwirima. Magetsi ankapita pamene afunira, madzi tinkasunga m'zigubu. Utoto wa pepo ndi anzake, timabotolo tinayi totsala pang'ono kutha, unkakhala m'kabati ya loko, ndipo kiyi wake ankalendewera pa lamba wa bwana wathu, Ba Mulenga. Anali kiliniko ofesala, koma anthu ankati ba dokota. Munthu waukhondo, wa nsapato zowala ngakhale m'fumbi la Chawama, wosaba ngakhale thonje. Ndinkakangana nawo mlungu uliwonse.

"Ba Tembo, imwe chitani chabe vamene vili pa fomu," ankatero. "Ino si yunivesiti. Uyu utoto ukasila, ba mateniti bakaufuna tizachita bwanji?"

"Nanga wodwala akafa utoto uli m'kabati, mudzaupaka pa bokosi?"

"Pakamwa panu apo, Ba Tembo. Pazakuletelelani mavuto."

Sananame. Koma chaka chimenecho dzina langa linali litapita kale ku likulu kuti ndikwezedwe kukhala woyang'anira ma labu a dera lonse, ndipo amene analemba kalata yondiyamikira anali Ba Mulenga omwewo. Tinkakangana, koma ntchito yanga ankaidziwa.

Lachitatu lina m'mwezi wa Juni

Mukumukumbukira telala uja ankakusokerani yunifolomu pa khonde la sitolo ku Kamwala? Wa kachipewa koyera, wa tepi m'khosi, amene ankakupindirani malaya aakulu kuti mukuliremo? Muno ndimutcha Che Jafali. Makolo ake anachokera ku Mangochi, iye anabadwira ku Lusaka konkuno, Msilamu wosaphonya mapemphero. Ankakhala ku Chawama, ndipo ankalandira ma ARV pa kachipatala kathu. Ndinkadziwa chifukwa magazi ake ndinkatenga ndine. Ankabwera m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo tikakumana ku Kamwala tinkangokamba za nsalu, ngati sitinaonanepo kwina.

Mlungu umenewo kunali kozizira koopsa, mphepo ya fumbi, komanso unali mwezi wa Ramadani, Asilamu akusala kudya ndi kumwa usana wonse. Lolemba masana pa zenera la labu panafika botolo la dzina lake. Malovu okhaokha, oyera mbee. Ndinalibweza kudzera kwa mayi wosesa. Lachiwiri linabweranso, chimodzimodzi, ndinalibwezanso. Lachitatu cha m'ma teni koloko nditaona botolo lachitatu, magazi anandikwera kumutu. Ndinatuluka nalo m'manja ndikufuula kuti mwini botolo ili ndani. Anaimirira mayi wovala mpango wakuda, mkazi wake, Abiti Saidi.

"Mayi, mwandibweza kawiri," anatero mwaulemu. "Bambo akuti zimene ali nazo ndi zomwezi."

Ndinamukokera kuseri kwa labu. Ndinafunsa kuti anayamba liti. Anati Loweruka anali pa makina ku Kamwala ali bwinobwino. Lamulungu m'mawa anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Lolemba anadzikoka kubwera kuchipatala, Ba Mulenga anaona khadi lake pakati pa chigulu cha anthu, n'kumupatsa panado ndi fomu. Chibwerereni kunyumba sanadzukenso, akupuma mogwira nthiti ya kumanja, ndipo akukana kubwerera kuchipatala kuti adikira zotsatira monga anauzidwira.

"Akakhosomola amalavula zotani?"

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, kenako anamasula mfundo pa chitenje chake. Munali kachigamba koyera, kotsala posoka malaya a sukulu. Anati mwamuna wake amakhosomolera m'tizigamba totere n'kuponya pa mbaula, ndipo aka anachita kuba. Ndinakatambasula. Dzimbiri. Mtundu womwe uja wa Amake Joyce, patapita zaka zonsezo.

"Nanga m'botolo akuikamo malovu chifukwa chiyani?"

Anaweramitsa mutu. "Akuti botololi likupita kwa Mayi Tembo, amene amawasokera ana awo. Akuti munthu amene umamulemekeza sungamutumizire zonyansa. Ndiye amayamba atsuka m'kamwa ngati akupita kokapemphera, n'kulavuliramo zoyera."

Koma inu! Ndinaseka, kenako ndinapeza kuti misozi ili m'maso. Masiku atatu munthu akumira m'chifuwa chake chomwe, ine ndikubweza mabotolo ngati kalaliki wa ku positi, chonsecho akundichitira ulemu. Ndinati, "Ulemu umenewu uwapha amuna anu, mwamva?" Zouma pa nsalu sizikanandithandiza pa makina. Ndinkafuna makhololo atsopano, ndipo zinali zoonekeratu kuti mkazi wake sakanawapeza.

Apa ndi pamene panali povuta, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Ba Mulenga anali ku msonkhano m'tauni mpaka masana, makiyi ali pa lamba. Mnzanga wa mu labu anali ku maliro ku Petauke, ndiye ndinali ndekha. Pa benchi panali anthu odikira, ndipo kumapeto kwake kunali mtsikana wobereka mwana, atagwira fomu yoyeza malungo. Lamulo linali lodziwika: wa mu labu sachoka pa ntchito, sapita m'nyumba za odwala, sayeza zimene sizili pa fomu. Ndinkadziwanso kuti kalata yanga ya ukulu ili pa tebulo la wina ku likulu. Ndinalowa mu labu, kutuluka, kulowanso. Ndinakhala pa mpando n'kudzukanso ngati pali minga. Ndinaganiza zodikira Ba Mulenga, koma ndinawamva kale m'mutu mwanga akuti tiyeni tiyambe taona zotsatira za TB. Ndinatenga botolo latsopano n'kuika m'thumba la gauni. Nesi wa pa khomo, Ba Mwaka, anandiona.

"Muyenda kuti, Ba Tembo?"

"Ndikubwera, ola limodzi."

"Ine sininakuoneni," anatero akuyang'ana kumbali.

Anthu a pa benchi ndinawauza kuti andidikire pang'ono. Mwana uja ndikadayamba ndamuyeza, inali ntchito ya mphindi makumi awiri zokha. Sindinaganize. Mutu wanga wonse unali pa kachigamba kaja.

Tinayenda wapansi, ine patsogolo ngakhale njira sindinkaidziwa, Abiti Saidi akundilondolera ali kumbuyo kuti kumanzere, kumanja. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo. Che Jafali anali pa matiresi, atafunda mabulangete awiri, kachipewa kali kumutu. Atandiona anayesa kudzuka kuti andipatse mpando, n'kugweranso pomwepo. Milomo inali itang'ambika. Ndinawerenga kapumidwe kake ndi wotchi yanga ndipo sindinakonde zimene ndinapeza. Ankapuma ngati munthu amene wathamangira basi.

"Mayi, mwadzivutiranji?" anatero mawu akuduka. "Fumbi lonseli."

"Mwandivutitsa ndinu, Che Jafali. Katatu konse mukunditumizira malovu. Mukuyesa ine sindidziwa ntchito yanga?"

"Zinazo n'zosaonetsa munthu, Mayi."

"Zosaonetsa munthu? Ine zaka makumi awiri ndikudya za makhololo a anthu. Sukulu ya ana anga ndi makhololo. Yunifolomu imene mumasoka ija, ndalama yake ndi makhololo. Khalani tsonga!"

Anafuna kuseka, ndipo kusekako kunadzutsa chifuwa. Ndinamukhazika chowerama, mkazi wake atamugwira mapewa, n'kumuuza kuti akoke mpweya katatu mpaka pansi. Anandipempha kuti nditembenuke. Ndinakana, botolo ndinaligwira ndekha pakamwa pake. Zinatuluka zolemera, zomata, za dzimbiri. Bambo wamkulu uja anatseka maso ndi manyazi, ine ndinatseka botolo ngati ndatola golide.

Ndinapempha madzi kuti amwe, chifukwa thupi linali louma ngati chikuni. Anapukusa mutu kuti dzuwa lisanalowe sangamwe. Ine za chipembedzo chawo sindikanalowerera, ndinangoluma mlomo. Amene anayankhula anali Abiti Saidi, mayi amene njira yonse sanakweze mawu.

"Bambo, a shehe amanena chaka ndi chaka kuti wodwala amamasula, n'kudzabweza masikuwo akachira. Mukudziwa bwino. Inu simukuopa Mulungu. Mukuopa kuti anzanu a ku mzikiti afunsa kuti mukudwala chiyani. Afunse! Ine ndiwayankha kuti chibayo. Kodi mukufuna adzafunse pa maliro?"

Anagwira kapu pafupi ndi milomo ya mwamuna wake, osaichotsa. Kenako Che Jafali ananong'ona mawu a pemphero n'kumwa.

Galimoto sikanalowa m'tinjira timeneto. Bambo wina woyandikana nawo, wogulitsa makala, anakhuthula wilibala yake, tinayalamo bulangete n'kumukweza. Che Jafali anadziphimba kumutu kuti anthu asamuzindikire. Ine sindinawadikire, ndinathamanga ndi botolo langa, mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, gauni ikuuluka, ana a m'njira akundiseka.

Nditafika, Ba Mulenga anali asanabwere. Ndinaima patsogolo pa kabati ija. Ndinagwedeza loko, kaya ndinkaganiza kuti andimvera chisoni. Kenako ndinatuluka, ndinatenga khasu la wosamalira maluwa, n'kulowetsa msomali wake kuseri kwa chitsulo cha loko. Kamodzi, kawiri, thabwa linang'ambika, phokoso lake mpaka ku mateniti. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, ndiye ndinatsitsa maikulosikopu yakale ya kalilole pamwamba pa shelefu n'kuiika pa zenera, ngati ku Matero. Ndinapaka timagalasi tiwiri, kena ka utoto wofiira, kena ka pepo, chifukwa munthu akhoza kukhala ndi matenda onse awiri. Pa kofiira sindinapeze kanthu. Pa ka pepo sindinachite kufunafuna. Mafinya ali thoo, ndipo pakati pake timadontho tija tiwiritiwiri, tambirimbiri, mbali zonse.

Nditadzutsa mutu ndi pamene ndinakumbukira benchi. Ola limodzi lija linali litasanduka maola atatu. Ena anali adakalipo, nkhope zili gwa. Mtsikana wa mwana uja panalibe.

Ba Mulenga anafika wilibala itangolowa pa geti. Anaona kabati, anaona khasu pansi, anandiona ine.

"Ba Tembo, mwafuntha? Ichi n'chani?"

"Mundikalipire pambuyo. Yambani mwaona umu."

"Nakufunsani funso!"

"Ndipo ine ndakuyankhani. Yang'anani umu, dzuwa lisanachoke pa zenera."

Ndinkayesa akana. Anavula magalasi awo n'kuwerama pa makina. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akupotoza pang'onopang'ono. Atadzuka anangofunsa kuti ni wa ndani, ndipo nditatchula dzina anagwira pachipumi. "Uja telala? Nenze namuona pa Mande." Anatuluka mofulumira, nsapato zowala zija zikuponda m'matope a pa mpope. Anamumvetsera Che Jafali m'chifuwa ali mu wilibala momwemo, kumbuyo ndi kutsogolo, kenako anamunyamula okha ndi wa makala uja kupita naye m'chipinda chogonekamo odwala. Jakisoni woyamba anabaya okha, dripi anaika okha, ndipo tsiku limenelo anaweruka mochedwa kuposa tonse.

M'mawa mwake anandiitana mu ofesi. Pa tebulo panali loko uja, chitsulo chake chopindika, ndi envelopu.

"Ba Tembo, uja munthu sembe anafa. Munachita bwino," anatero. "Na lipoti nalemba. Munasiya odwala pa benchi, munaphwanya katundu wa chipatala. Vonse viwili ni vazoona, ndipo vonse nalemba."

Zimene ndinawayankha sindizilemba muno, adzukulu anga adzawerenga. Patapita mwezi kalata inabwera. Ukulu uja anapatsidwa wina, ine anandisamutsira kumbali ya Kalingalinga pa mpando womwe uja, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka kupuma. Mukukumbukira chaka chimene ndinakulonjezani nyumba ya mpanda ku Kaunda Square n'kusiya kuitchula? Chifukwa chake n'chimenechi. Ndinawakwiyira Ba Mulenga zaka zambiri. Lero ndikuvomera kuti za benchi sananame. Fomu ya mtsikana uja inatsala pa zenera, dzina la mwana ndi mawu akuti pafupi ndi tchalitchi. Ku Chawama matchalitchi ndi angati? Ndinayenda Loweruka kawiri, khomo ndi khomo, osamupeza. Mwina anapita kwina mwana n'kuchira. Mwina ayi. Sindidziwa, ndipo ndikamasuntha mipando yanu ija nthawi zina ndimakhala ndikuganiza za iyeyo.

Che Jafali thupi linasiya kutentha patapita masiku atatu. Tsiku lotsatira anapempha tiyi n'kuyamba kudandaula kuti makatani a m'chipindamo anasokedwa mokhota. Tinamuyezanso TB kawiri ndi makhololo enieni, panalibe. Ndisanachoke ku Chawama ndinaona kuti kabati ija sanaikonze, inangokhala yotsekula. Ba Mwaka anadzandiuza pambuyo pake kuti Ba Mulenga anayamba kufunsa wokhosomola aliyense mafunso awiri asanagwire fomu: wayamba liti, ndipo ukulavula za mtundu wanji. Kwa ine sananenepo chilichonse, ndipo inenso sindinawafunse.

Mtendere, mwezi watha

Chinsinsi cha wodwala si chako, ngakhale upume pa ntchito. Ndiye ndisanalembe mutu uno ndinakwera minibasi kupita ku Kamwala kukapempha chilolezo. Tiyanjane, tsiku lija unandiimbira kasanu n'kumati ndasowa, ndinali kumeneko. Ndinamupeza pa khonde lomwe lija, ndevu zayera, magalasi awiri pamphuno, akulimbana ndi ulusi kuti ulowe mu singano. Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pa mpukutu wa nsalu. Ndinamufotokozera za kope ili, ndi kuti ana anga adzamuzindikira ngakhale ndisinthe dzina.

Anaganiza kaye. "Lembani, Mayi. Ku mzikiti ndinawauza kale ndekha, chaka chomwe chija. Awiri anabwera kunyumba mwakachetechete kudzafunsa kumene ndimalandira mankhwala. Dzina lokha musinthe, adzukulu anga asamasekedwe kusukulu. Koma mulembenso kuti munathyola kabati ndi khasu. Musadzikometse."

Ndinati ndalemba kale m'mutu. Anafunsa za inu, kuti Dalitso adakali kung'amba mabatani. Abiti Saidi ali bwino, akugulitsa zitenje ku Chaisa. Tikucheza choncho mphepo ya fumbi inadutsa pa khonde, ndipo mkulu uja anayamba kukhosomola. Ine ndinali nditaimirira kale, dzanja likufufuza wotchi imene ndinasiya kuvala. Anatola kachigamba koyera pansi pa makina, anakhosomoleramo, n'kukapinda monga mwa chizolowezi chake. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anakatambasula n'kundipatsa ndi manja awiri, pamaso pa makasitomala ake.

"Onani nokha, Mayi. Ulemu uja ndinasiya."

Ndinapita nako poyera, padzuwa. Ndinayang'ana kamodzi, ndinayang'ananso kachiwiri. Munalibe dzimbiri, fumbi la Kamwala lokhalokha. Ndinakaponya ndekha pa mbaula ya mayi wowotcha chimanga, ndinasamba m'manja, n'kubwerera pa mpando uja. Ndinakhala pansi mpaka anamaliza kusoka kolala yonse, osadzuka ngakhale kamodzi.